Maluwa a M'galasi ndi Maliro a Munthu Wamoyo

Mwana wanga Tiyamike,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko, iwe, amuna ako ndi ana. Kuno ku Chiosya tikuyamika Mulungu. Bambo ako anatuluka m'chipatala Lachiwiri, koma anabwera ali ndwii, osalankhula, chakudya akungochiyang'ana. Zimenezi zinandidetsa nkhawa kuposa matendawo.

Lachinayi ndinaganiza zowakongoletsera chipinda ndi kamtsuko kagalasi unanditumizira kaja. Ndinakathyola maluwa kumpanda wa tchalitchi. Mapesi ndinawadula mopendeketsa, n'kusadzula masamba onse amene akanamira m'madzi. Ofiira atatu ndinawaimika pakati, kutalika kwake kamtsukoko kamodzi ndi theka, ndipo oyera asanu aafupi ndinawazunguliza m'mphepete.

Ndinaiwala chinthu chimodzi: kuno munthu akanyamula maluwa ndiye kuti akukaluka nkhata yapamanda. Anaphiri, oyandikana nafe aja, anali atandiona panjira. Ndisanamalize n'komwe, amayi asanu ndi mmodzi, Anaphiri ali patsogolo, analowa pabwalo akulira bambo ako, "Mayo ine, aBanda atisiya!"

Bambo ako anasuzumira pawindo. "Anaphiri, chipepeso mwabweretsa chiyani? Ngati ndi nkhuku, iphani msanga ndidyeko ndikadali moyo!"

Atatero, bambo akowo anaseka mpaka misozi. Anaphiri anathawira kwawo mwamanyazi, n'kubwereradi ndi tambala. Bambo ako anadya nthuli zinayi, ndinawerenga ndekha.

Unditumizire mbewu ya maluwa achikasu ndibzale pakhomo pompano, ndisamaoneke nawonso panjira. Lamlungu uwaimbire foni bambo ako, akufuna akufotokozere okha mmene maliro awo anayendera.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mayi ako,
Nachisale