Ndime ya Mpheta

Lachinayi, pa 16 Meyi

Okondedwa mlongo wanga,

Chisomo ndi mtendere zikhale ndi inu pamodzi ndi a m'nyumba mwanu onse. Ife kuno tili bwino mwa chifundo cha Ambuye, kupatula bondo langa lamanzere, limene layamba kunenera za mvula molondola kuposa a pa wailesi. Ndachedwa kuyankha kalata yanu chifukwa m'nyumba muno munali nkhondo ya masabata atatu, ndipo sindinafune kugwira cholembera ndisanadziwe ngati ndidzalemba monga wopambana kapena monga wogwidwa ukapolo.

Mukudziwa kuti chimwalirire mlamu wanu ndikhala kwa mwana wanga wamkazi, ndi kuti iye aphunzitsa ana ake atatu pakhomo, pa tebulo lomwelo timadyerapo. Masamu ndi zina zonse ndi zake. Koma ola loyamba la m'mawa, la Mawu a Mulungu, anandipatsa ine zaka zitatu zapitazo, ndipo ndivomera pamaso panu kuti ola limenelo ndilo limandidzutsa pabedi ndi kundimetetsa ndevu. Kachitidwe kanga ndi aka: mutu umodzi pa tsiku, aliyense ndime yake mozungulira tebulo kuyambira kudzanja langa lamanja, osadumpha kanthu, ngakhale mindandanda ya mayina a mibadwo. Wophunthwa pa liwu ndimgogodera tebulo ndi chala, nabwereza kufikira liwongoke.

Owerenga ndife anayi: ine, mayi wawo, mnyamata wamkulu wa zaka khumi ndi ziwiri amene timamutcha Loya popeza sanavomerepo kanthu osayamba watsutsa, ndi Mpheta, msungwana wa zaka zisanu ndi zinayi, amene adya ngati kambalame ndipo ali ndi chibwibwi, chimene ine ndinakhulupirira kuti mankhwala ake ndi kubwereza. Wamng'ono, Abwana, ali ndi zaka zinayi, sawerenga, amangolamula.

Ndipo kunali tsiku lina, mwana wanga anabwera kuchokera ku msonkhano wa makolo anzake ophunzitsa ana pakhomo, atasenza katundu wobwereka, namtula patebulo.

"Bambo, awa ndi maphunziro a Baibulo a mitundu itatu. Tiyesa uliwonse sabata imodzi, kenako ndisankha."

"Kodi Baibulo lenilenilo laperewera pati?" ndinafunsa ine.

"Silinaperewere, bambo. Ana akufunika ndondomeko."

"Ndondomeko ilipo: kuyambira pachikuto ichi kufikira pachikuto icho."

"Ndati ndisankha. Ndipo ndikuuzirenitu, musadzati ndinakubisirani: umodzi mwa itatuyi ndi wa pakompyuta. Ndikatenga umenewo, mphunzitsi ali momwemo. Inu m'mawa muzipuma."

Kupuma! Mlongo wanga, munthu amene anapuma kale pantchito akauzidwa kuti apumenso, ndiye kuti kwamtsalira kupuma kumodzi kokha.

Monga munthu amene anatha zaka makumi atatu ndi ziwiri akuyendera masikelo a m'masitolo, ndinayamba ndi chimene ndidziwa. Ndinatenga sikelo ya kukhitchini, ndinaiwongola poyamba ndi mwala wanga wamkuwa wa kilo imodzi umene ndinasunga, pakuti inali kunama ndi magalamu makumi anayi, ndipo ndinayesa zonse zitatu. Oyamba anali buku lobiriwira, ndipo linalemera kilo ndi theka: mafunso, mayeso, mapu ndi ndime zoloweza pamtima. Maphunziro a pakompyuta anali kakhadi kolembedwa nambala. Singano ya sikelo sinagwedezeke n'komwe. Achitatu anali m'bokosi lachikasu: kabuku kopyapyala, ndi zidole za nsalu zovala kudzanja.

"Agogo," anatero Loya, "ndiye kuti njerwa ndi yanzeru kuposa kalata?"

Ndinamtuma akathirire maluwa.

Mtima wanga unali pa lobiriwira, chifukwa linasunga kuwerenga kozungulira, ndi ine kumutu kwa tebulo. Loweruka ndinapita kukamgwirira makwerero mkamwini wanga, wokonza magetsi uja, pamene anali kusintha waya wa pakhonde, kuti ndimkopere kumbali yanga.

"Bambo," anayankha ali pamwamba, sikuluu ili pakamwa, "ine ndimadziwa mawaya. Pasukulu ya m'nyumba muno ahedi ndi mwana wanu, ine ndine mlonda chabe. Gwiritsitsani makwererowo."

Sabata yoyamba inali ya buku lobiriwira, ndipo ndinaphunzitsa ndi mphamvu ya mnyamata. Koma panali chinthu chimene chinali kundisautsa kwa miyezi. M'mawa uliwonse, tikumwa tiyi, Loya amandifunsa mutu wa tsikulo, natsegula Baibulo pamiyendo, nayendetsa chala, nanong'oneza mlongo wake. Nthawi zina amasinthana mipando, nthawi zina iai. Poyamba ndinati ndi changu cha pa Mawu, pambuyo pake ndinati ndi chibwana. Lachitatu ndinaletsa. "Aliyense akhale pamene ndamkhazika, muno si m'basi." Tsiku limenelo Mpheta inamgwera ndime ya mayina anayi aatali. Isanafike nthawi yake anapempha kupita kuchimbudzi, nakhala komweko kufikira tinatseka ndi pemphero. Lachinayi chimodzimodzi. Ndinalangiza mayi wake kuti amgulire mankhwala a m'mimba. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, nachotsa makapu.

Za sabata yachiwiri ndilemba ndi manyazi. Lolemba m'mawa chaja cha kompyuta chinasowa. Anachifuna pansi pa sofa, m'kabati, ngakhale m'bokosi la zoseweretsa la Abwana, amene anadzudzulidwa wosalakwa. Chinali m'thumba la jekete langa la kutchalitchi, ndipo sichinaloweremo chokha. Taonani utsiru wa munthu wokalamba: kubisa waya m'nyumba ya wokonza magetsi! Mkamwini anatsegula bokosi lake la zida, natulutsa zina ziwiri, nafunsa kuti tifuna chakuda kapena choyera. Madzulo ake ndinaulula, ndinapepesa kwa Abwana, ndipo anandikhululukira nditamlola kuvala chipewa changa tsiku lonse.

Mphunzitsi wa pakompyutayo ndi mnyamata wa mano oyera ndi gitala. Ine ndinakhala pampando m'kanjira ka kuzipinda, chitseko chili chotsegula pang'ono, kabuku ndi pensulo m'manja, kudikira chiphunzitso chonyenga. Masiku asanu ndinadikira, ndipo mwachisoni ndikuuzani kuti sindinachipeze; mwanayo aphunzitsa zoona. Ana anakhala chete ngati anthu odikira basi, Abwana anaphunzira nyimbo imodzi imene atiimbira kufikira lero, ndipo Mpheta sanapite kuchimbudzi ngakhale kamodzi, popeza panalibe womuuza kuti awerenge. Ndinaona mayi wake alikumyang'ana, ndipo ndinadziwa kumene sikelo ikupendekera.

Inafika sabata ya bokosi lachikasu. Kabukuko kalamula kuti ndime za tsikulo aziwerenga onse pamodzi, ndi mawu amodzi, ndipo akatha aziseweranso nkhaniyo ndi zidole, aliyense m'mawu akeake. Ndinati ine mkulu wa mpingo sindingalowetse dzanja langa m'sokosi.

"Ndiye khalani m'kanjira muja, bambo, mpando wanu ukadali pompo," anatero mwana wanga.

Ndinalowetsa dzanja.

Nkhani ya tsikulo inali ya mneneri uja amene anakwapula bulu wake pa njira, osaona mngelo amene buluyo anali kumuona. Tinayamba kuwerenga pamodzi. Tili pakati, ndinamva liwu limene sindinalizindikire, laling'ono, lomveka ngati belu la njinga, likuyenda pakati pa mawu athu osaphunthwa. Ndinatsitsa liwu langa kuti ndimvetse. Linali la Mpheta. Anadutsa mayina a malo ndi a mafumu monga munthu wodutsa pakhomo pake. Mayi wake anandiuza pambuyo pake kuti zimatero ndi ambiri a chibwibwi: lilime limamasuka akamanena limodzi ndi ena, kapena akamayankhula m'malo mwa wina.

Pogawa zidole Abwana analamula kuti iye ndiye mngelo, ndipo anatenga supuni yaikulu ikhale lupanga. Loya anasankha kukhala mfumu, Mpheta anatola bulu wa makutu a nsalu yotuwa, ndipo ine anandisiyira mneneri, wa ndevu za ulusi. Ndinakwapula buluyo katatu ndi pensulo, monga nkhani inena. Pamenepo buluyo anatembenuka, nandiyang'ana ndi maso ake a mabatani, natsegula pakamwa.

"Bwana, ine ndakunyamulani zaka zonsezi, lero mwayamba kundikwapula? Ndinayamba ndakuvutanipo ine? Inu simukuona kutsogoloko, ine ndikuona. M'malo mondifunsa, mwathamangira ndodo!"

Liwu silinadukepo. Onse anafa ndi kuseka, mngelo anagwa pampando, ndipo ine ndinaiwala mawu a mneneri, ngakhale ndalalikapo mutu umenewo kasanu.

Masana ake ndinampeza Loya akupopa tayala la njinga kuseri kwa nyumba.

"Mdzukulu wanga, kusinthana mipando kuja kunali kwa chiyani?"

"Agogo, zoona simunadziwe? Timawerengeratu. Ngati inu muyamba ndime yoyamba, wa kumanja kwanu atenga yachiwiri, yachisanu ndi chimodzi, yakhumi, choncho. Ndiye ndimaona mpando umene uli ndi ndime zazifupi, ndimampatsa iyeyo. Zazitali ndimatenga ine."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chathachi. Koma si zaulere, amandipukutira nsapato Lamlungu." Anapopa kawiri, nawonjeza: "Chimene amaopa si mayinawo, agogo. Ndi chala chanu chija."

Mlongo wanga, ndayesa masikelo a anthu zikwi, ndipo ndinali kudziwa ndi diso lokha sikelo yonama. Ya patebulo langa sindinaione zaka zitatu.

Lachisanu, ana atatuluka kukasewera, mwana wanga anaika zinthu zitatu zija patebulo, nakhala moyang'anana nane.

"Bambo, ndikuganiza zotenga wa pakompyuta. Si kuti ndi wabwino koposa, koma mwana wanga sadzabisalanso m'chimbudzi chifukwa cha Baibulo."

"Unalekeranji kundiuza?"

"Ndinakuuzani kawiri. Munati golide amayengedwa ndi moto."

Ndinakumbukira kuti ndinaterodi, ndi kuti pa nthawiyo ndinakondwera nako kuyankha kwanga.

"Mwana wanga," ndinati, "pa kompyuta sadzabisala, koma sadzawerenganso. Ine ndamva liwu lake sabata ino, ndipo ndifuna kulimvanso. Tenga bokosi lachikasu, undisiyire ola langa, ndidzaphunzitsa monga kabukuko kanena."

"Zidole zomwe?"

"Zidole zomwe."

"Kugogoda tebulo?"

"Dzanja lidzakhala m'sokosi, ndidzagogoda ndi chiyani?"

Anaseka, koma sanafulumire kuvomera, pakuti ndi mwana wa mayi wake. Ndinapempha chimodzi chokha, kuti tsiku lililonse titseke ndi salmo limodzi la m'Baibulo langa lakale, tonse pamodzi, kuti mawu akalewo asafe ndi ine. Anati tiyese kufikira kutha kwa teremu, ndipo woweruza adzakhala Mpheta, osati ndi pakamwa, koma ndi mpando wake: akakhalapo kufikira pemphero, ola ndi langa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo sananyamukepo. Dzulo, titatha salmo, anabwereza yekha mzere wotsiriza. Anaphunthwa pa liwu loyamba, ndipo ine ndinakhala pa manja anga onse awiri kufikira anaoloka.

Tsono pempho langa ndi ili. Bokosi lobwereka lija tabweza kwa mwini wake, ndipo kabuku kathu kamene tinagula kafika kopanda zidole. Akuti makolo asoke okha. Zimene ndasoka ine Abwana wazikana, akuti nkhosa yanga ikufanana ndi mbatata. Inu makina anu osokera akadali amoyo. Mutisokere anthu asanu ndi mmodzi, mkango, nkhosa ziwiri, ndi bulu wa makutu aatali. Dzanja la Mpheta ndalijambula kuseri kwa pepala ili, ndi langa pambali pake.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mafuta a bondo aja akuthandiza. Moni kwa ana ndi adzukulu onse. Mwana wanga, mkamwini ndi ana atatuwa akupereka moni. Loya akuti mkango ukhale ndi mano.

Kwatsala mawu amodzi, amene ndawazungulira masamba anayi. Masiku ano ndakhala ndikukumbukira tebulo la bambo athu, pamene maso awo anayamba kufooka nandipatsa ine, mwana woyamba, kuti ndiziwerengetsa ang'ono anga. Ndikumbukira kuti nthawi yanu yowerenga ikayandikira, nthawi zonse pamoto pamakhala kanthu kofuna kupserera, ndipo ine ndinali kukuitanani kuti mubwere mudzabwereze. Munalibe Loya wokusinthirani mpando. Mlongo wanu wamkulu ndiye anali mwini chala. Ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu monyadira kuti mlongo wanga sakonda foni, akonda makalata, osadzifunsa chifukwa chake muyankhula pa foni ndi ana anga, koma ine mundilembera.

Mundikhululukire. Simuyenera kuyankha za ichi ngati simufuna. Zidole zokha zidzandikwanira. Koma mukadzabwera pa tchuthi, mpando ulipo patebulo pathu, ndipo pano palibenso amene awerenga yekha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
amene akuphunzira mochedwa,

Mkulu wanu