Mbewa Zoyera ndi Mpango wa Marjory

Chawama, Lusaka

Okondedwa alongo anga a Ketty,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino ku Katete pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi ukupolako? Ine ndilipo, ntchito yowotcherera mageti ikuyenda, kungoti magetsi amathimathima.

Phukusi la mbewa lija landipeza. Zikomo, ngakhale sindinadye. Landikumbutsa Loweruka lina chaka chatha, pamene phukusi ngati lomweli linafika mkazi wanga Marjory akadali ndi mphamvu. Anazikonza yekha pambaula, uku akulimbana ndi ba Chilufya, Mbemba woyandikana nafe, amene ankatiseka kuti akum'mawa timadya makoswe. Marjory anawauza kuti adzalankhule tsiku limene adzasiye kudya anyani. Tinaseka tonse. Tili mkati mwa kudya, Marjory anagwira pakhosi n'kunena kuti kafupa kamubaya. Sikanali kafupa. Zotsatira zake mukuzidziwa: chotupa, khansa, mpango wobisira khosi, phala lokhalokha, kenako mawu n'kuzima.

Ndamva kuti apongozi akudandaula kuti ndikukakamira katundu wa mwana wawo, ndipo mwambo wondisudzula ukuchedwa chifukwa cha ine. Sakunama. Ndinkaopa kuti zovala zikapita n'kugawidwa, iwo n'kundimasula, ndiye kuti palibenso chondimangirira kwa iye. Ngakhale chikwama chimene tinkapita nacho kuchipatala chinali chikhalire kuseri kwa chitseko, chosamasula.

Sabata yatha kunabwera Karen, mng'ono wake wa Marjory amene akuphunzira za unamwino. Anandiwerengera nkhani ya pafoni. Akuti kumayiko akunja ofufuza akumatenga tizilombo tina ta mavairasi n'kutisintha kuti tizilowa m'chotupa cha khansa ndi kuchiwononga kuchokera mkati, mnofu wabwino n'kuusiya. Akuyesera pa khansa ya m'kamwa ndi yapakhosi, yomweyi inatilanda munthu. Anandionetsa chithunzi cha timbewa toyera ta m'makola, timene amatipatsa chotupa mwadala kenako n'kutibaya jakisoni. Akuti mwa tina chotupacho chinachepa.

Alongo, sindinadikire kuti amalize. Ndinafunsa kuti mankhwalawo akupezeka kuti, ndipo ndinapezeka nditaimirira, maso ali pa chikwama chija. Karen anayankha mofatsa kuti zimene anawerengazo zikadali pa mbewa, kuti zingatenge zaka, ndiponso kuti zambiri zochiza mbewa zimakalephera pa anthu. Kenako anangondiyang'ana. Ndinakhalanso pansi. Mpamene ndinazindikira kuti miyezi yonseyi ndakhala ngati munthu wodikira pabenchi lakuchipatala, kuyembekeza kuti aitana dzina la Marjory. Ngakhale mankhwalawo atafika mawa, amene ndingapite naye palibe.

Sindinakwiye ndi timbewato. Ndinangoganiza mmene Marjory akanasekera kumva kuti ndiwo yake yapamtima ikulandira jakisoni kwa madokotala. Mwina tsiku lina mkazi wa munthu wina adzameza bwino chifukwa cha tomweto. Mbewa zanu ndinapatsa ba Chilufya. Anadyapo imodzi ataima pakhomo, osaseka, ndipo anati mlamu wawo Marjory wawagonjetsa.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa apongozi ndi amalume, mukawauze kuti ndakonzeka. Asankhe tsiku, ndidzabwera. Koma patsikulo mudzakhale pafupi nane, chifukwa sindikudziwa ngati pakamwa padzatseguka.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, alamu ndi ana onse. Apongozi muwauze kuti sindinachite mwamwano.

Dzulo ndinamasula chikwama chija. Ndinachapa zitenje zake, madiresi ndi yunifolomu ya chigwirizano cha amayi, n'kuyanika pachingwe anthu akuona. Ndalongedza zonse mu sutikesi, pamodzi ndi nsapato ndi buku lake la nyimbo. Karen akwera nazo basi Lachisanu. Apongozi akawerenga katunduyo adzapeza kuti mpango wobiriwira uja, wobisira khosi, mulibe. Musawalole kuufunafuna. Uli pamsomali pamene ankaupachika, ndipo sindinauchape.

Ndine mlongo wanu,
Hosea