Mafuta a Esinala

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine ndabwera kumudzi, ndikugona m'nyumba mwanu ndekhandekha. Nandolo wabereka chaka chino, koma wothyola palibe. Mng'ono wanga Esinala anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe chija, musakane.

Koma Amayi, Esinala sakundiyankhula. Chichokereni inu anayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu ogula pa Migowi. Ndinatapako pang'ono n'kupita nawo kuntchito kwanga koyeza mankhwala ku Zomba, kuja munkati ndimalipidwa potsuka mabotolo. Kumeneko tili ndi kawaya kokhala ndi golide kunsonga, golide wake wochepa ngati kambewu ka mapira. Ndinasungunula mafutawo mu asidi n'kuviikamo kawayako. Tikayatsa magetsi, poizoni wotchedwa mekyule amakakamira pa golidepo. Tikawatembenuza magetsiwo poizoniyo amakanuka, ndipo pakompyuta pamajambulika kaphiri. Poizoni akachuluka, kaphiriko kamatalika. Ka mafuta a Esinala sikanali kaphiri, linali phiri la Michesi lenileni. Ndinatsuka golideyo n'kuyambiranso, ndikupemphera kuti mwina ndalakwitsa ndine. Phiri linatulukanso.

Poizoniyu amalowa m'thupi, Amayi, amafika mpaka mumkaka umene mdzukulu wanu akuyamwa. Ngakhale tsaya la mayi ake likakhudza lake, amamupaka. Ndinamufotokozera Esinala zonsezi, mwina mothamanga, mukundidziwa pakamwa panga. Anati ndi nsanje, poti ine ndine wakuda ndiponso sindinakwatiwe. Chitseko anatseka ine ndili pakhonde.

Zinandiwawa, sindinama. Ndinabwerera kuno n'kukhala pampando wanu uja, ndipo panalibe woti ndimuuze. Inu mukanangomuyang'ana n'kunena zija munkatiuza potisambitsa, kuti "Khungu ili ndinalisenza miyezi naini, musalinyoze ine ndikuona." Akanataya botolo la mafutawo tsiku lomwelo. Ine golide amandimvera, koma m'bale wanga ayi. Ndakusowani kwambiri.

Mawa ndivala chitenje chanu chobiriwira, ndithyola nandolo, ndipita. Za kompyuta sinditchula. Ndikakhala pakhonde pake n'kumasenda nandoloyo mwakachetechete, monga munkachitira inu tikakwiya, mpaka atatsegula. Akapanda kutsegula, mkuja ndikakhalanso pomwepo.

Mwanayo ali ndi dzina lanu, Amayi. Dzina limeneli ndinaliperekeza kale kumanda kamodzi, ndipo ndikukulonjezani kuti sindiliperekezanso.

Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu woyamba,
Felesiya