Makungwa otsala m'filiji

Lachinayi, mwezi wa Julayi. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mumtimamu muli zii.

M'mawa ku labu ndinatsegula mbale za mabakiteriya. Madzi a makungwa a mtengo wina wa ku phiri, ndisanawapatule, ankapha tizilombo ta m'zilonda mpaka kusiya malo oyera m'mbale. Ndatha miyezi isanu ndi itatu ndikuwasefa ndi kuwagawa m'mabotolo asanu ndi awiri kuti ndipeze chenicheni chimene chimapha. Dzulo ndinathira botolo lililonse m'mbale yake. Lero tizilombo tamera bwinobwino m'mbale zonse.

A Dokotala Kalua, amene amayang'anira kafukufuku wanga, anangoti, "Mwina mphamvu yake imafuna zonse zikhale pamodzi. Katengeni makungwa ena, muyambirenso."

Masana ndinakwera njinga yamoto kupita ku phiri kwa a Nachisale, mayi amene anandilozera mtengowo. Tinalowa m'nkhalango muli chifunga. Tinapeza chitsa chokha, ndi dothi lakuda pamene anthu anawotchera makala.

"Anadula mwezi watha," anatero a Nachisale. "Wina wotere sindikuudziwa kuno. Koma mwapezamo chiyani, mwanangu? Anthu akumandifunsa."

Ndinawayankha kuti tikadayesabe.

Panopa ndakhala pabedi kwanga ku Matawale, nsapato zamatope zili kuphazi. Ndimayembekeza kuti ndilira, koma misozi kulibe. M'filiji ya ku labu mwatsala makungwa osadzaza ndi dzanja lomwe. Ndi okwanira kuyesa kamodzi kokha, ndipo sindikudziwa ngati mawa ndilimbe mtima kuwakhudza.