Diso la kumanzere

Lolemba, 3 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Denga la kukhitchini likudontha malo awiri, mabeseni awiri. Mapiritsi a Akulu, amuna anga, atsala khumi ndi limodzi.

Kubanki pa galimoto. Mphambano zinayi popita, zinayi pobwera. Pa iliyonse mwambo wathu uja: Akulu amaima, amayang'ana kumanja, n'kufunsa, "Kumanzere?" Ine ndimasuzumira, kukakhala kulibe kanthu ndimati, "Kwayera." Basi tadutsa. Diso lawo la kumanzere linachita ng'ala, limaona chifunga chokhachokha. Khosi nalonso silitembenuka. Chaka chachitatu chino ndili pa ntchito ya diso, yopanda malipiro. Mwana wathu, namwino wathunthu, sakudziwa.

Pobwerera anandifunsa, "Aphunzitsi, theka kuphatikiza theka?" Ndinati chimodzi. "Ndiye dalaivala alipo mmodzi wathunthu, vuto lili pati?" Masamu ndinaphunzitsa zaka makumi atatu. Apa sindinapezepo cholakwa.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Tsiku lathu lokwera kumtunda, kumene msewu umathera pa thanki ya madzi. Tiyi m'fulasiki, makapu awiri, wanga wobenthuka. Timakhala m'galimoto momwemo, mawindo otsegula, madenga a tauni pansi pathu ngati mbale zoyanika. Kunyumba timalankhula za mapiritsi. Kuno timalankhula za anthu amene anapita.

Potsika ndimawerenga mapolo a magetsi, alipo makumi anayi ndi awiri. Lero ndinathera pa makumi awiri ndi atatu. Panadutsa mtsikana wa diresi yachikasu, ambulera m'manja koma osaitsegula. Yanga inali yotero, ya mabatani kumsana, chaka chomwe Akulu ankandiphunzitsa kugwira chiwongolero pabwalo la sukulu, ine n'kugunda mtengo wokhawo umene unalipo. Ndinamva mpaka fungo la nsalu yatsopano. Ndikuti ndidzidzimuke, tili pageti.

Mapolo khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinali kuti?

Lamlungu, 9 Febuluwale

Namwino wathu anabwera ndi malalanje asanu ndi atatu. Maso ake ngati a malemu amayi anga, sadutsa kanthu. Asanalowe n'komwe m'nyumba anali atawerama pa galimoto, chala pa mzere wokalika. Kumanzere, inde.

Akulu: "Ndi geti limenelo. Lakalamba, likumayenda lokha usiku."

Iye: "Ababa, maso munayezetsa liti?" Iwo anapendeka mutu pang'ono, n'kumuwerengera kalendala yonse ya pakhoma, mpaka dzina la amene anaisindikiza. Mwanayo anaseka, koma anayang'ana ine. Ine ndinali kuwerenga masupuni. Alipo khumi ndi awiri, monga kale.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Ndilembe bwinobwino, motsatana.

Mvula masiku asanu ndi anayi osaona dzuwa. Tinanyamuka kukagula mapiritsi. Pa mphambano yachiwiri, ya pafupi ndi sitolo ya utoto, Akulu anaima. Nthawi yomweyo mitambo inang'ambika pamwamba pa madenga. Kachigamba kobiriwira, kochapidwa, kakukulirakulira, mbalame ziwiri zikulowamo. Mtima unangoti myaa. Ndinanena mokweza, ndikuuza Mulungu kapena ndani kaya: "Kwayera!"

Funso lawo sindinalimve. Yankho langa analimva.

Njinga. Bambo atamangirira kalilole wamkulu kumbuyo. Phokoso silinali lalikulu, ngati thireyi yagwa m'chipinda china. Nditatuluka, thambo lonse lili pansi, pamsewu, zidutswazidutswa, mitambo ikuyendabe m'kati mwake. Ndinaima n'kumaliyang'ana. Manyazi: ndinayamba ndaona kukongola, magazi pambuyo.

Ndi kalipentala, amapititsa kalilole wa wadiropu kwa kasitomala. Mkono wachekeka. Mutu uli bwino, miyendo ili bwino. Akulu anauza wapolisi kuti dzuwa linawathobwa m'maso. Anauzanso mwana wathu chimodzimodzi pa foni. Za ine, ngakhale liwu.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kwa kalipentala, wapansi. Shedi yonunkhira utuchi ndi guluu, zitseko zisanu zotsamira khoma, zosapita kulikonse. Amusoka malo asanu ndi amodzi. Milungu iwiri osagwira sowo, ndipo ana ali nawo atatu. Kalilole, gudumu, chipatala, masiku ake otayika: penshoni yanga ya mwezi uno yonse ndi kachidutswa ka wamawa. Denga lidikire.

Munthu wosasunga mkwiyo. Anati, "Amayi, inetu ndinakuonani. Munali kumwetulira, nkhope ili gwa kutsogolo ngati mwaona mngelo. Ndinati agogowa akundiuza kuti dutsa mwanawe." Anaseka mpaka kugwira mkono wake. Nanenso ndinaseka.

Ikanakhala lole. Akanakhala mwana wa sukulu, mutu wake pamene panali kalilole.

Loweruka, 15 Febuluwale

Akulu apeza mankhwala a vuto lathu: tisinthe liwu. "Kwayera" ali ndi matanthauzo ambiri, akutero, ndizingoti "Pitani." Madzulo mayeso pabalaza. Iwo pa mpando, chivundikiro cha poto m'manja, akulira ngati injini. Ine pambali. "Kumanzere?" "Pitani." Kakhumi, kakhumi ndakhoza. "Mwapambana, Aphunzitsi, bwerani mudzatenge satifiketi."

Ndinayesa kunena za basi. Pa siteji mpaka pano ndi patali kwa mawondo awo, ndikudziwa, ndipo kuthanki basi sifika. Anaika chivundikiro pansi. "Tsiku lomwe ndidzapereke kiyi, mukamuuze kalipentala wanu uja adzanditenge muyeso." Ananena moseka. Sanadye.

Liwu silinalakwe. Ndi ine amene ndimachokapo, osatsanzika. Dzulo madzi anawira mpaka kuuma m'ketulo ndili chiimire pawindo, ndikuonera nyerere zikusamutsa mazira.

Masana ndinagona pang'ono. Maloto: galimoto ikuyandama pamwamba pa madenga, mwakachetechete, Akulu tsitsi lakuda bii. Kulibe mphambano kumeneko. Ndinadzuka ndili wokondwa, kenako ayi.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Galimoto inabwera kuchokera kwa makaniko dzulo, nyale yatsopano. Lero ulendo woyamba. Akulu avala jekete.

Mphambano yoyamba, ya pasukulu. Anaima bwino. Kumanja. "Kumanzere?"

Ndinayang'ana. Kunalibe kanthu, zoona. Msewu wonyowa, galu atagona patali, mpanda wa sukulu, ana akuimba matebulo a seveni m'kalasi. Ndinayang'ananso. Ndiye ndinadzifunsa: ndikuona msewu wa lero, kapena wina wakale? Pakamwa panakana.

Kumbuyo mahutala. Atatu, asanu, ndinasiya kuwerenga. Wa takisi anatulutsa mutu: "Agogo, mwagona kapena mukupemphera?"

"Aphunzitsi?" anatero Akulu, motsitsa.

Ndinati, "Sindikudziwa."

Manja awo pa chiwongolero. Anatembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono, mpaka diso labwino linandipeza. Sindikumbuka kuti linandiyang'ana liti chotero m'galimoto. Nthawi zonse ndimakhala mbali ya chifunga. Kenako anazimitsa injini, pakati pa msewu pomwepo.

Wa takisi yemwe uja ndi amene anatibwezera galimoto kunyumba, akung'ung'udza njira yonse, ife awiri kumpando wakumbuyo ngati akwati. Ndalama anakana.

Foni ndinaimba ndine. Akulu anali pomwepo, sanandiletse. Ndangouza mwana wathu kuti abwere akaweruka, pali nkhani. Ng'ala amachotsa, iye adziwa kumene. Zanga sindidziwa ngati zili ndi dokotala.

Panopa Akulu ali panja ndi ndowa, akutsuka galimoto, jekete osavula. Mbali ya kumanzere akuitsuka ndi manja, mopapasa, ngati akusambitsa mwana. Tiyi ndawaikira pa sitepe, wazizira. Ndikonzenso wina.

Geti lalira. Wafika msanga. Kaya ndiyambire pa diso la abambo ake, kaya pa mutu wangawu...