Funso la Parafini

Lolemba, 3 Malichi

Indekisi yatsopano yafika pa kompyuta yanga. Ndiyo nkhokwe imene makina athu ofufuzira amatapamo mayankho munthu akalemba funso. Ntchito yanga yomwe ija: kuiponyera mafunso, kuona zimene ikubweza, kusaina ngati zili bwino. Popanda siginecha yanga siipita kwa anthu. Akufuna ituluke Lachisanu.

Woikonza ndi Katswiri. Dzinali anadzipatsa yekha, ife tinangolandira. Waikamo sefa yochotsa masamba ofanana, ati pazitsala limodzi. Wasiya kapu yake yosatsuka pa mapepala anga. "Mungosaina, mayi, musadzitopetse." Munthu ameneyu ndimadana naye mpaka kayendedwe.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndamugwira! Funso: "mwana wamwa parafini". Pa indekisi yakale pamwamba pamabwera tsamba la madokotala: musamusanzitse, thamangirani kuchipatala. Pa yatsopano tsambalo kulibe. Pali la wakuba wina amene anakopera mawu onse n'kuwonjezera zam'mutu mwake: m'mwetseni madzi a mchere asanze. Sefa yaona masamba awiri ofanana, yataya mwini wake, yasunga mbala.

Ndamuonetsa. Kuyang'ana kwake kwa m'mbali. "Funso limodzi pa mamiliyoni." Mwana wa munthu nayenso amakhala mmodzi, chitsiru iwe. Izi ndanenera mumtima.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndakana kusaina. A Bwana andiitanira mu ofesi yawo ya magalasi ija, aliyense akuonerera ngati filimu. "Nkhani za inu ndi mnzanuyu tatopa nazo." Ati ndi nsanje, poti mpando umene ndinkaufuna anapatsa iye. Nsanje ilipo, sindikukana. Koma tsamba la madokotala lasowa chifukwa cha nsanje yanga?

Nthawi ya tiyi palibe wondiyankhula. Tchuthi chawo chikudikira kuti indekisi ituluke Lachisanu, ndiye ine ndasanduka mfiti ya mu ofesi. Wina watembenuza fani kuti mphepo isandifike. Mutu ukuwawa.

Lachisanu, 7 Malichi

Katswiri m'mawa: "Takonza, mfumukazi." Ndalemba funso lija. Madokotala pamwamba, wakuba osaoneka. Ndalembanso, chimodzimodzi. Mafunso ena a masiku onse ali bwino. Ndasaina.

Masana indekisi yatuluka. M'manja, nthungululu, keke. Katswiri wandibweretsera yekha kachidutswa, mano onse panja. Sindinadye. Komabe ndabwera kunyumba ndikudzimva. Wagonja ndi iye.

Loweruka, 8 Malichi

Mng'ono wanga wabwera ndi mwana wake wokwawa uja, amene chilichonse akachipeza n'cha m'kamwa. Ine n'kuyamba kudzitama za nkhondo ya sabata ino. Ndamuuza ayese pa foni yake aone ntchito ya manja anga. Iye sanalembe ngati ine. Walemba ngati mayi: "mwana wanga wamwa parafini nditani".

Wawerenga mokweza. "Achemwali, akuti madzi a mchere. Ine ndikanamumwetsatu."

Ndamulanda foni. Wakuba pamwamba. Ndasintha mawu: khanda, mafuta a nyale. Wakuba, wakuba.

Sefa ija Katswiri sanaikonze n'komwe. Anangomata tsamba la madokotala pa mawu atatu amene ndinamuonetsa aja, podziwa kuti ndidzayesa omwewo. Njoka! Ndipo ine ndinayesadi omwewo, chifukwa chothamangira kumuona atagonja. Pansi pa chilolezo dzina ndi langa. Mkwiyo ndi manyazi pamodzi.

Kubweza indekisi yakale kumafuna anthu awiri, woyesa ndi wokonza. Foni ya a Bwana yozima. Ndiye ndaimbira Katswiri, munthu amene sindinamupemphepo ngakhale cholembera. Ndanena mpaka "chonde", pakamwa pakuwawa. Kumbuyo kwake nyimbo ndi kuseka. "Munasaina nokha, mayi. Tionana Lolemba." Wadula.

Lolemba n'kutali. Panopa mayi wina kwinakwake akulemba funsoli, ndipo akumuyankha ndi wakuba.

Botolo la parafini ndalikweza pamwamba pa kabati. Mwana akulira, wamva kukuwa kwanga. Kumene amakhala Katswiri ndikukudziwa, ndikamutulutsa m'nyimbo zakezo ngakhale mom'koka kolala. Mng'ono wanga akuti ndidye kaye. Nsapato ina ndaipeza, inayo mwana waikokera kuti?