Akubanki akuti wandibera ndi wam'nyumba

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Ntcheuko ndi ana? Ine chifuwa chija chinatha.

Lolemba ndinakwera kabaza kuchoka ku Manyamula kupita pa Boma, kukadandaulanso za malipiro anga aja akuba anatapa pa khadi. Abwana a kubanki anakanitsitsa kubweza. Amvekere, "Amama, nambala yachinsinsi mlendo sangaidziwe. Mbwenu, ndiye kafufuzeni am'nyumba mwanu."

Ndinaseka mpaka misozi, achemwali. Am'nyumba ake ati? Chibwerereni kudzaphunzitsa kuno, mbale ndimatsuka imodzi. Ndinawayankha kuti, "Abwana, ndipezereni wachibale wakubayo, ndimuphikire tiyi ticheze."

Sindigonja, ndipitakonso. Koma tchuthi chikubwerachi munditumizireko mwana wanu Chisomo, adzandisokosereko m'nyumba muno. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati